Mawu a m'mawa aja, kodi amakafika nafe kumsika?

Amake mapasa, Chawama (04:41)
Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero ndi tsiku langa lotumiza mawu a m'mawa, koma ndisanatumize ndiloleni nditulutse chimene chandikhala pakhosi kuyambira sabata yatha. Pagulu pano m'mawa uliwonse wina amaponya vesi, ife n'kutsanulira ma Amen ngati mvula pamalata. Inenso ndimayankha, kawirikawiri ndili m'minibasi, thumba pamiyendo. Lachinayi lapitali mwana wanga anandifunsa tikudya madzulo kuti, "Amayi, mawu a lero anali otani?" Ndinangoti kukamwa yasa, mbamu ya nsima ili m'manja. Sindinakumbuke ngakhale buku lake. Nditatsegula foni ndinapeza Amen wanga alipo, ndi timanja topemphera titatu. Zinandipweteka mumtima. Ndiye ndikufunsa: timawu tatifupi timeneti tikutidyadi, kapena tikungotinunkhiza? Alipo amene mawu a m'mawa anamulondola mpaka kuntchito kwake? Tiuzane zenizeni.

Namwino wa usiku (04:49)
Tadzuka amake mapasa, ngakhale ena sitinagone n'komwe, tikudikira kuweruka. Funso lanu landilasa inenso. Ndiyankha bwino ndikafika kunyumba.

Mkulu wa mpingo, Kabwata (05:02)
Zikomo mayi potidzutsa. Poyamba ndinene kuti kufupika kwa mawu si mlandu. Kumbukirani mana a pa Eksodo 16. Aisraeli ankatola muyeso wa tsiku limodzi basi, aliyense monga mwa njala yake, ndipo amene anasungako kuti adye mawa anapeza atagwa mphutsi, akununkha. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi pokha ndi pamene ankatola kawiri chifukwa cha Sabata. Anadya chotero zaka 40. Ambuye Yesu naye anatiphunzitsa kupempha chakudya chathu chalero, osati cha mwezi wathunthu. Choncho vesi limodzi likwanira tsiku. Koma mana sankadyedwa pongowayang'ana ali pansi. Pa Numeri 11:8 timamva kuti ankawapera pamphero kapena kuwasinja mumtondo, n'kuwaphika mumphika. Apa ndi pamene ife tikulephera. Tikutola, koma mtondo tauiwala.

Kondakitala wa ku Mtendere (05:10)
Atate mwanena. Ine ndimawerenga tili pamzere ku Kulima Tower, basi isanadzaze. Nthawi ndilibe, ndiye mukatumiza zazitali ndimangodumpha, kunena zoona. Koma lilipo limodzi limene linandigwira, la Luka 16:10, loti wokhulupirika pa chaching'ono amakhulupirikanso pa chachikulu. Ntchito yathu mukuidziwa. Munthu akupatsa K20, iwe umuuza kuti chenji ndikupatsani kutsogolo, ndipo mumtima ukudziwa kuti akafika potsikira adzakhala ndi katundu ndi mwana kumbuyo, adzaiwala. Tsiku limenelo amayi ena anatsika pa Kalingalinga atasiya chenji chawo. Basi inali itanyamuka kale. Ndinamenya chitseko kuti adalaivala aime, ndinathamanga kukawapatsa. Adalaivala anandikalipira njira yonse mpaka ku tauni. Si tsiku lililonse ndimapambana, musandiyese mngelo. Koma kuyambira pamenepo chenji cha munthu chimandiwotcha m'dzanja.

Amake mapasa, Chawama (05:13)
Izi ndi zimene ndimafuna kumva mwana wanga. Mulungu akulimbitse.

Amayi a nyemba, Soweto (05:44)
Ndangomaliza kuyala katundu, ndiloleni ndilembe ndisanayambe kuitana makasitomala. Nkhani yanga sindinauzepo munthu kupatula amuna anga.

Ndagulitsa nyemba ndi nshawa zaka zambiri. Pamene ndinkayamba, amene anandiphunzitsa bizinesi anandiuza kuti wamalonda amakhala ndi meda ziwiri, tizidebe tija tapulasitiki toyezera malonda. Ina ndi yoodera, yotakasuka bwino, umapita nayo kwa alimi amene abwera ndi matumba kuchokera kumudzi. Ina ndi yogulitsira. Imeneyo umaiyandikiza pambaula kuti pulasitiki ifewe, n'kukankhira pansi pake mkati ndi chibakera. Poiona kunja ndi meda yabwinobwino, ukaunjika nyemba pamwamba mpaka kasitomala amasekerera. Koma mkati mwachepa ndi manja awiri odzaza. Ukawonjezera kambasela iye amathokoza, osadziwa kuti ukumubwezera zake zomwe, ndiponso zosakwana.

Ndinachita zimenezi ndili membala wa Chigwirizano, yunifomu yochapa bwino Lachisanu lililonse. Sindinkaona ngati ndi kuba. Ndinkati ndi nzeru za pamsika.

Chaka chatha wina pagulu pano anatumiza Miyambo 11:1, yoti muyeso wonyenga unyansa Yehova. Anawonjezera timizere tiwiri tokha, kuti Mulungu sakhala m'tchalitchi mokha, amaimanso pambali pa sikelo. Ndinayankha Amen ngati masiku onse. Cha m'ma 10:00 kunabwera agogo ena ndi kamdzukulu, anamasula ndalama pa mfundo ya chitenje, makobili ndi timapepala tofota, akuwerenga kawiri. Anati adzukulu ali asanu kunyumba, nyemba zimenezi zifike kumapeto a mwezi. Nditagwira meda ija dzanja linanjenjemera. Mawu aja anabwera okha, sindinawaitane. Ndinawayezera ndi meda yoodera ija, iwo osadziwa kanthu, n'kupita.

Madzulo ndinatsegula Baibulo kufuna kuona ngati mwina vesilo likunena za anthu ena. M'malo mwake ndinagwera pa Deuteronomo 25:13-15, pamene akunena mosabisa kuti usakhale ndi miyeso iwiri m'nyumba mwako, waukulu ndi waung'ono. Ngati kuti Mose anadutsa pa tebulo langa. Meda yobonyoka ija ndinapita nayo kunyumba, pano ndimathiriramo maluwa.

Telala wa ku Kamwala (06:05)
Amayi, ndakumvani ndipo ndikukulemekezani. Koma tiyeni tinene zonse. Phindu linatsika kapena silinatsike? Chifukwa maumboni ambiri amathera poti "ndipo Mulungu anandidalitsa kawiri," pamene ena tinayesa kuchita chilungamo n'kugona ndi njala. Kasitomala wa Lusaka amakunenerera mtengo mpaka utsale ndi fupa. Lendi ikudikira, chilimba chija timasonkherana ndalama chikudikira, ana akufuna za kusukulu. Mnzako wa tebulo loyandikana akugulitsa motchipa chifukwa meda yake ndi yobonyoka. Vesi la m'mawa limalipira lendi?

Amayi a nyemba, Soweto (06:20)
Linatsika achimwene, sindinama. Pa thumba lililonse ndinkapeza meda zingapo zaulere, zimenezo zinatha. Miyezi iwiri ndinavutika kuponya chilimba, mpaka ndinapempha anzanga andisunthire kumapeto. Makasitomala ena anazindikira kuti nyemba zanga zimakhalitsa ndipo amabwerera, koma sindinganene kuti ndalemera. Chimene ndinapeza n'choti munthu akamamasula chitenje pamaso panga ndimatha kumuyang'ana m'maso. Kwa ine chimenecho n'chachikulu. Kwa inu sindingakuyankhireni.

Telala wa ku Kamwala (06:24)
Yankho limeneli ndalilandira chifukwa mulibe shuga. Ine vuto langa si meda, ndi lilime. Ndimauza munthu kuti diresi lanu litha Lachitatu ndikudziwa kuti malaiti akuvuta ndipo pali madiresi ena asanu patsogolo pake. Ndimaopa kuti ndikanena zoona apita kwa wina. Mu 2024 muja madzi atachepa ku Kariba, makina anga ankakhala chete pafupifupi tsiku lonse, ndinanama mpaka ndinazolowera. Lija loti inde wanu akhale inde, la Mateyu 5:37, ndimalidziwa pamtima. Kulichita ndiye ndikadali panjira.

Mphunzitsi wa ku Chelston (06:50)
Ndilowepo ndisanalowe m'kalasi. Mbali ina ya vutoli ndi mtundu wa mauthenga amene timatumizirana. Ena si mawu a Mulungu n'komwe, ndi malonda. "Lemba Amen ndipo sabata ino ulandira ndalama." "Tumiza kwa anthu khumi, ukapanda kutero dalitso likudutsa." Abale, kumeneko ndi kuopseza anthu, ndipo kumasandutsa Mulungu kukhala ngati makina a ndalama a pabanki. Ndikupempha kuti zotere pagulu pano zisamalowe.

Chachiwiri, ngakhale vesi lenileni tikalizula pamalo pake limafota. Chitsanzo ndi Yeremiya 29:11, limene lili pa makalendala ndi kumbuyo kwa mabasi, loti Mulungu akudziwa malingaliro amene ali nawo pa ife, a mtendere osati a choipa. Ndi mawu okoma ndipo ndi oona. Koma analembera yani? Ndi kalata imene Yeremiya anatumiza kuchokera ku Yerusalemu kupita kwa anthu amene Nebukadinezara anawatengera ku Babulo. Vesi 10 likuwauza kuti akhala kumeneko zaka 70. Tangoganizani, ambiri amene anamva kalatayo ikuwerengedwa anafera komweko. Ndipo mavesi 5 mpaka 7 akuwauza chochita podikira: mangani nyumba, limani minda, kwatirani, berekani, funirani mtendere mzinda umene mwatengedwerako ndi kuupempherera, chifukwa mtendere wake ndiwo mtendere wanu.

Ine mawu amenewa amandikhudza kwambiri chifukwa ambiri a ife tinabwera ndi Great East Road, wina ku Chipata, wina ku Katete, wina ku Petauke, wina ku Lundazi. Takhala muno zaka 20, 30, koma timakhalabe ngati alendo ongodutsa. Timati kwathu n'kumudzi, ndiye zinyalala timataya mu ngalande, mpopi wa m'komboni ukawonongeka timati aboma adzaona. Yeremiya akanatilembera ife akanati Lusaka ameneyu mufunireni mtendere. Vesi 11 popanda vesi 7 lili ngati ndiwo zopanda nsima.

Mtsikana wa ku UNZA (07:02)
Aphunzitsi, vesi limeneli ndinalilemba pachikuto cha kope langa kuyambira Grade 12 ndipo sindinawerengepo mavesi apamwamba pake. Ndawerenga tsopano. Zaka 70! Ndakhala chete.

Bambo wa ku Garden (07:15)
Koma tisafike poopseza anthu kutumiza mawu. Si tonse tinapita ku Justo Mwale kukaphunzira zaubusa. Wina akatumiza vesi limene lamutonthoza, alekeni atumize. Mzimu amagwira ntchito ngakhale munthu sakudziwa kuti Nebukadinezara anali yani.

Mphunzitsi wa ku Chelston (07:18)
Zoona abambo, sindikutsutsa. Sindikunena kuti tikhale akatswiri. Ndikungoti tisanatumize tiwerenge mavesi asanu apamwamba ndi asanu apansi. Mphindi ziwiri zokha.

Mayi wa ku Kanyama (09:37)
Ine ndimangowerenga pagulu pano, sindilemba. Lero ndilemba, mundipirire ngati zitalike.

Mu Januwale 2024 kolera inatenga mwamuna wanga. Anayamba kutsegula m'mimba usiku, m'mawa tinathamanga naye, anakathera ku Heroes Stadium kumene ankagonekako odwala nthawi imeneyo. Masiku awiri okha. Maliro ake sanali ngati maliro amene timawadziwa, ogona pa nyumba ya siwa, amayi a mpingo akuimba usiku wonse. Malamulo a nthawi ya mliri sankalola kusonkhana, ndipo sindikudandaula za malamulowo, ndikudziwa kuti ankateteza amoyo. Koma ndinabwerera m'nyumba muli zii. Madzi a mvula ali pakhomo mpaka m'akakolo, ana atatu ali m'nyumba chifukwa masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale. Anthu ankaopa kulowa, ankaimira patali.

Foni ndiye inkalira kosaleka. Mavesi, mavesi, zithunzi za maluwa ndi nkhunda. "Zonse zimachitira ubwino iwo okonda Mulungu." "Kondwerani nthawi zonse." Wina mpaka ananditumizira kuti chaka chino ndi chaka changa cha kusefukira. Ndikudziwa kuti ankafuna kunditonthoza. Koma abale, mawu aja ankandibaya ngati minga. Ndinkaona ngati akundiuza kuti ndisiye kulira msanga chifukwa kulira kwanga kukuwasowetsa mtendere. Ndinazimitsa foni sabata ziwiri. Baibulo ndinaliika pansi pa sutikesi.

Amene anandibweza ndi amayi ena achikulire a mumpingo mwathu. Anabwera atavala majombo, anasamba m'manja ndi madzi a klorini pakhomo, n'kukhala pamphasa. Sanatsegule Baibulo. Anasenda tomato, anakoleza mbaula, anaphikira ana. Anabwera masiku anayi motsatizana osalalikira kanthu. Tsiku lachisanu ndi pamene anati, "Mwana wanga, ukudziwa kuti muli salimo limene silithera ndi aleluya?" Anandiwerengera Salimo 88. Munthu akulira usana ndi usiku, akufunsa Mulungu chifukwa chake wamubisira nkhope, akuti abwenzi ake amutalikira, ndipo salimolo limathera mumdima momwemo. Ndinalira mpaka mawu anatha. Koma kanali koyamba kumva kuti m'Buku muja muli malo a munthu ngati ine, kuti sindiyenera kupukuta misozi kaye kuti Mulungu andimve.

Ndiye poyankha funso la amake mapasa: inde, mawu afupi amagwira ntchito. Koma amafuna kudziwa amene ukumupatsa. Phala la mwana wodwala silifanana ndi nsima ya wolima.

Amake mapasa, Chawama (09:52)
Mlongo wanga, ndalira pano pa kantemba. Ine ndine mmodzi wa amene anakutumizirani maluwa aja. Ndikhululukireni. Chawama ndi Kanyama si patali, ndikanatha kubwera.

Mayi wa ku Kanyama (09:58)
Palibe mlandu amayi. Nanenso ndinkachita chimodzimodzi kwa ena zisanandigwere.

Mkulu wa mpingo, Kabwata (10:20)
Mayi, pepani kwambiri, ndipo zikomo potiphunzitsa. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, pamene anakhala naye pansi osanena kanthu poona kukula kwa chisoni chake. Zili pa Yobu 2:13. Anayamba kulakwa atatsegula pakamwa. Ndipo vesi lalifupi koposa limene ana a Sande sukulu amalithamangira, Yohane 11:35, likuti Yesu analira. Analira akudziwa kuti Lazaro amuukitsa posachedwa. Ife akulu a mpingo timafulumira kufotokoza, ndikuvomera. Pa Aroma 12:15 sanatiuze kuti tiwafotokozere olira, anati tilire nawo.

Namwino wa usiku (11:05)
Ndagonako pang'ono, ndabwera. Zimene anena mayi a ku Kanyama ndimaziona kuntchito. Wachibale amaima pambali pa bedi n'kumauza wodwala kuti ukakhala ndi chikhulupiriro udzuka lero, ndipo wodwalayo amayamba kudziimba mlandu kuti mwina chikhulupiriro chake n'chochepa. Ena amafika posiya mankhwala a BP kapena ma ARV chifukwa cha uthenga wa pafoni. Chonde abale, pempherani ndipo mankhwala imwani. Paulo yemwe ankatchula Luka kuti sing'anga wokondedwa.

Ine langa ndi Maliro 3:22-23, loti chifundo chake sichitha, chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse. Ndimalinena cha m'ma 03:00, nthawi imene thupi limafuna kukalipira aliyense woitana. Limandithandiza kuyankha belu lachisanu ndi mawu omwe ndinayankhira loyamba. Ndipo aphunzitsi, ndinaona kuti nalonso linalembedwa mzinda utapasuka, osati zinthu zili bwino.

Agogo a ku Matero (12:30)
Ana anga, mdzukulu ndiye akundilembera, maso anga satha kuona tizilembo ta pafoni. Ndamva zonse, wandiwerengera.

Ife tinakulira ku Katete mu mpingo wa Dutch, umene lero mukuti Reformed Church in Zambia, umene unayambira ku Magwero mu 1899. Kunyumba kwathu Baibulo linali limodzi, Buku Lopatulika lachikuto chakuda, lokutidwa ndi nsalu kuopa chiswe. Atate ankawerenga madzulo pa koloboyi tikatha kudya. Sankawerenga zambiri, mafuta a nyale anali odula. Mavesi atatu, anayi. Akatseka ankaloza mmodzi wa ife, "Iwe, wamva chiyani?" Ukalephera ankawerenganso. M'mawa popita kudimba amayi ankatifunsanso panjira. Pofika madzulo mawu aja alowa m'mafupa. Mpaka lero Salimo 121 ndimalinena lonse osayang'ana, ndipo ndi limene ndinkanena mumtima tsiku limene ndinakwera basi koyamba kubwera ku Lusaka, tikuwoloka Luangwa.

Inu muli ndi mawu ambiri kuposa ife. M'foni imodzi muli Mabaibulo khumi. Koma palibe amene amakulozani chala kuti wamva chiyani. Mwana wa amake mapasa uja anachita ntchito ya atate anga. Musamukalipire, mumugulire chitumbuwa.

Mtsikana wa ku UNZA (12:48)
Agogo zikomo. Koma ndinene vuto la ife achinyamata obadwira muno. Chinyanja cha m'Buku Lopatulika n'chozama, Baibulo limenelo linatuluka mu 1922, ndipo ife tinakula ndi chinyanja cha m'tauni chosakaniza ndi chibemba ndi chingerezi. Mawu ngati "chisomo" ndi "chipulumutso" timawadziwa, koma pena ndimawerenga vesi lonse osatola kanthu, ndiye ndimathawira ku chingerezi. Kumeneko ndimamva ndi mutu, koma sizifika pamtima ngati mmene agogo anga akamapemphera m'chinyanja. Ndinapeza Buku Loyera, lija linatuluka mu 1998, ndi lofewerapo. Kodi tingamatumize onse awiri?

Agogo a ku Matero (13:01)
Tumiza mwana wanga. Mulungu sanabadwire ku Katete. Koma mawu akakuvuta usathawe, undifunse. Ndikadali moyo.

Bambo wa ku Garden (13:10)
Ndipo amene angathe azijambula mawu ndi pakamwa, kuti agogo ndi ena ovutika kuwerenga azingomvera. Koma zazifupi, mabandulo ndi odula.

Amayi a ku Woodlands (14:26)
Ndakhala ndikulemba n'kufufuta kuyambira m'mawa. Nkhani ya meda ija yandivula. Ine sindigulitsa pamsika, ndimagwira mu ofesi, ndipo ndimadziona ngati wachilungamo. Koma ndili ndi mtsikana wondithandiza ntchito zapakhomo, amachokera ku Bauleni, amayenda pansi m'mawa uliwonse. Malipiro anga akalowa ndimayamba ndalipira zanga zonse, iye ndimamuuza kuti dikira sabata yamawa. Mwezi watha anandipempha mwaulemu kuti alandilodi akumuvutitsa, ine ndinayankha kuti nanenso zinthu zandithina. Madzulo ake omwewo ndinagula nsapato.

Mwezi uno m'kagulu kathu ka m'dera tinawerenga Levitiko 19:13, kuti malipiro a wantchito asagone kwa iwe kufikira m'mawa, ndi Yakobo 5:4, kuti malipiro obedwa a antchito amafuula ndipo kulira kwawo kumafika m'makutu a Ambuye. Ndinati mawu abwino, n'kutseka. Lero ndi pa 6 ndipo ndinali ndisanamulipirebe. Ndamutumizira pa foni pompano ndisanalembe uthenga uno, ndipo ndamuuza kuti kuyambira tsopano yake izituluka tsiku limene yanga yalowa.

Timanyadira kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. A Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991, zinalowa m'mawu oyamba a malamulo a dziko mu 1996, ndipo kuyambira 2015 tili ndi tsiku la mapemphero pa 18 Okutobala. Zonsezo n'zabwino. Koma mtsikana wa ku Bauleni uja chikhristu cha dziko lino amachionera kukhitchini kwanga.

Kondakitala wa ku Mtendere (14:40)
Amayi mwachita bwino. Mayi anga anagwira ntchito ya m'nyumba zaka zambiri. Ndikudziwa mmene pa 6 pamawawira.

Telala wa ku Kamwala (15:15)
Ndaimbira makasitomala awiri. Ndawauza kuti Lachitatu sizitheka, ndi Loweruka. Mmodzi wakwiya, akuti abwera kudzatenga nsalu yake. Winayo wati zikomo pondiuza. Mtima ukugunda koma ndayamba.

Mphunzitsi wa ku Chelston (16:30)
Ndaweruka, ndawerenga zonse. Ndikupereka maganizo, mukonze pamene ndalakwa. Wotumiza mawu azilemba vesi, anene mwachidule kuti ananena ndani kwa yani, kenako chinthu chimodzi chimene iye mwini achite nalo tsikulo. Osati ulaliki, mizere isanu basi. Zija za "tumiza kwa anthu khumi" tizifufuta. Ndipo madzulo amene akufuna azibwera kudzanena mmene mawuwo anamuyendera.

Bambo wa ku Garden (16:44)
Zoyambazo ndavomera. Za madzulozo ndili ndi mantha nazo. Tingayambe kupikisana maumboni, aliyense kufuna kuoneka woyera kuposa mnzake. Paja Ambuye anati dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita. Lero zakoma chifukwa anthu anena zolephera zawo. Likadzakhala lamulo zidzasanduka chionetsero.

Mkulu wa mpingo, Kabwata (16:58)
Abambo a ku Garden akunena zoona. Lisakhale lamulo. Funso la agogo lija, "wamva chiyani," aliyense akalifunse kunyumba kwake pa chakudya chamadzulo, kwa ana, kwa mkazi, kwa mwamuna. Okhala okha apeze mnzawo mmodzi woimbirana naye. Pagulu pano tizibweretsa pamene tagwa ndi pamene tikufuna kutigwira dzanja. Ndiponso wina akaferedwa kapena kudwala, tisanatumize vesi tiyambe tafunsa kuti ndani ali pafupi apiteko.

Mtsikana wa ku UNZA (17:05)
Ine ndizithandiza kuika mavesi a Mabaibulo onse awiri. Wotumiza angondiuza usiku wake.

Amayi a nyemba, Soweto (17:40)
Ndikulongedza katundu. Amake mapasa, tsiku latha ndipo mawu a lero simunatumizebe!

Amake mapasa, Chawama (17:52)
Ndinakonza lina, lokhala ndi chithunzi cha dzuwa likutuluka, koma ndalisiya. Nali la lero ngakhale lachedwa. Yakobo 2:15-16. Yakobo akulembera Akhristu anzake, akuti mbale kapena mlongo akakhala wausiwa ndi wosowa chakudya cha tsikulo, wina mwa inu n'kumuuza kuti pita mumtendere, ukafunde, ukakhute, osamupatsa zosowa za thupi, phindu lake n'chiyani? Ndawerenga apamwamba ndi apansi omwe, aphunzitsi.

Changa chochita ndi ichi. Mlongo wa ku Kanyama, ngati mungandilole, Loweruka ndibwera. Ndachedwa kwambiri koma ndibwera.

Mayi wa ku Kanyama (18:06)
Bwerani amayi, khomo ndi lotsegula. Koma mubwere ndi majombo ndi fosholo ngati muli nayo. Loweruka m'mawa ife a mumsewu mwathu tagwirizana kutsegula ngalande ya kuseri kwa nyumba mvula isanayambe. Yadzaza mabotolo ndi mapepala mpaka pamwamba. Sindifuna nyumba ina ione zimene ndinaona.

Mphunzitsi wa ku Chelston (18:10)
Fosholo ndili nazo ziwiri ndi wilibala. Mundiwerengere.

Kondakitala wa ku Mtendere (18:14)
Loweruka ndili pantchito mpaka 14:00, ndikaweruka ndikupezani. Amene sakudziwa njira akafike ku City Market andiimbire, ndimukweza basi yoyenera.

Amayi a nyemba, Soweto (18:21)
Ine tebulo sindingalisiye Loweruka, koma amake mapasa mudutsire kuno m'mawa mutenge nyemba za ogwira ntchito. Meda ziwiri.

Agogo a ku Matero (18:40)
Mawa mawu atumiza ndani? Mdzukulu akuti foni yatsala pang'ono kuzima ndipo malaiti apita. Mundiuze msanga kuti ndidziwe womupempherera usiku uno.

Telala wa ku Kamwala (18:43)
Ndine agogo. Mateyu 5:37. Mundipempherere ndithu.